Chimera cha Kumsana

"Ndati chichoke m'nyumba mwanga muno," anatero Che Chande, lichero lili m'manja, masamba a nthochi amene anavundikirapo atagwera kale pansi.

"Bambo a Zuhra, tayang'anitsitsani. Ndi mawere chabe."

"Mawere ndimawadziwa ine, sakhala ndi ndevu. Ichi ndi chimera, ndipo kuno kuboma la Fort Manning munthu akaona chimera amaona mowa."

Ashura, mkazi wawo, anaima pakhomo la nyumba yophikira, mwana ali kumsana. Maso ake sanali pa mwamunayo ayi, anali pa lichero. Timizu toyera tinali titangotuluka kumene m'njere, tofewa ngati tsitsi la khanda, ndipo kafungo kake kanali ka dothi la mvula yoyamba, chonsecho uwu unali mwezi wa Juni.

"Ndimafuna ndimukonzere mwanayu thobwa," anatero motsitsa mawu. "Phala akulikana. Kodi inu kwanu simunakule ndi thobwa? Pa sadaka ya amalume anu simunamwe mpaka kumasula lamba?"

"Kwathu ndi kwathu. Kumeneko aliyense amadziwa kuti ndine mwana wa yani. Kuno ndine wobwera. Mesenjala wa kwa Disi, bwana wa boma, akangosuzumira kuseriku n'kuona chimera pamphasa, adzati sitolo ya Chande ikugulitsa mowa mobisa, chiphaso changa cha malonda n'kupita. Nanga akumzikiti? Akunong'onezana kale kuti ndinakatola mwana wa ofulula mowa ku Mkanda."

"Amayi anga amafulula, inde. Ine sindifulula."

Sofia, mlongo wawo wa Che Chande amene ankakhala nawo pakhomopo chimwalirire mwamuna wake, anali pamkeka akusankha mpunga. Sanakweze n'komwe mutu.

"Achimwene, ine ndinanena kalekale. Dzina tinamusintha, kuchoka Nankhoma kukhala Ashura, koma manja ndi omwe aja."

Che Chande anazungulira kuseri kwa sitolo, pamwala pamene ankasambira m'manja ndi m'mapazi asanapemphere, n'kukhuthula lichero lonse pansi. Nkhuku zinathamangira. Zuhra anadzutsa mutu kumsanako, n'kuyang'ana nkhukuzo ndi maso otopa, kenaka anaugonekanso.

Tisawanamizire Che Chande, mwana wawo ankamukonda. Anali telala wa manja abwino, ndipo kansalu kalikonse kokongola kotsala pa makina kankasanduka diresi la Zuhra. Vuto lawo linali limodzi: ankaopa maso a anthu kuposa njoka. Chiyambire kuyenda bwino malonda nkhondo ya azungu itatha, analamula kuti pakhomo pawo pazidyedwa zoyera zokhazokha. Chimanga chinkakonoledwa, kuviikidwa, kutsukidwa, kusinjidwa, kusefedwa, mpaka ufa kuyera ngati mkanjo wa Lachisanu. Masamba ankati ndi ndiwo za mbuzi. Madeya onse ankapita kwa nkhuku, ndipo kunena zoona nkhuku za pakhomopo zinali zonenepa ndi zosalala kuposa mwana wa mwini nyumba.

Chisiyire kuyamwa, Zuhra ankangodya phala loyera la shuga. Tsopano m'mbali mwa kamwa munali mutang'ambika, lilime litafiira, khungu la m'khosi ndi la kuseri kwa manja litada n'kumasupuka ngati la munthu wopsa ndi moto. M'mimba munkangotseguka. Kusewera anasiya. Ankakhala chete tsiku lonse, maso atatseguka pang'ono, n'kumalankhula zinthu zimene ena sankaziona.

"Amayi, mitambo ikudya udzu paphiri," ankatero.

"Ikakhuta ipita kwawo, mwanangu."

Ashura zinkamupweteka mumtima, chifukwa mawu a mwanayo ankamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje, ndipo tsiku lililonse mtsinjewo unkakula.

Sabata yotsatira anapita naye kuchipatala cha paboma. Amene anawalandira anali a Gidiyoni, wothandiza dokotala, munthu wamtali amene anali atangobwera kumene kuchokera kunkhondo. Anamutsegula mwana kukamwa, anamutembenuza timanja, n'kupaka mankhwala ofiirira pa zilonda.

"Amadya chiyani, mayi?"

"Phala la ufa woyera."

"China?"

"Shuga."

A Gidiyoni anapukusa mutu. "Mankhwala ndapakawa ndi ophimba chabe. Matenda ali m'mbale. Mukuona, m'njere iliyonse muli kachakudya kosaoneka ndi maso, azungu amakatcha mavitamini. Mukakonola, n'kuviika, n'kutaya madziwo, kambiri kamapita ndi madeya. Mwana amakhuta koma thupi lili ndi njala."

"Nanga njere ikamera?" Ashura anafunsa.

"Apo ndiye mwafika. Njere youma ili m'tulo. Ikamwa madzi n'kudzuka, imayamba kudzipangira kachakudyako kochuluka, poti nayonso ili ndi kamwana kofuna kulera. Ife kunkhondo, kumalo kopanda masamba, ankatimeretsera nyemba m'masaka onyowa kuti nkhama zisamatuluke magazi. Inu muli ndi mawere. Mupatseni za chimera, muziikamo nsinjiro, ndipo masamba asamasowe."

Ashura anabwerera kunyumba akuyenda ngati wapepukidwa katundu. Anawapeza Che Chande pakhonde la sitolo akupalasa makina, n'kuwafotokozera zonse, mawu ndi mawu. Makinawo sanaime.

"Gidiyoni wake uti? Yemwe uja Lamulungu masana msewu wonse umakhala wake? Munthu wa mowa wakuuza kuti chimera ndi mankhwala, iwe n'kukhulupirira?"

"Bambo a Zuhra, mwanayu akutha."

"Ndamuitanitsira masikono kwa Mmwenye, a azungu enieni. Adya amenewo. Za chimera usazitchulenso pakhomo pano."

Masikono anabweradi, m'chitini chokongola. Zuhra analuma limodzi, linamubaya pa zilonda, analira, n'kulipereka kwa nkhuku.

Ashura anali ndi mawere ena pang'ono amene amayi ake anamupatsa, omanga pa kansanza. M'mawa mwake, popita kukachapa kudambo, anawatenga n'kuwaviika m'kachipanda, n'kubisa m'bango. Tsiku linalo anawapeza atatupa bwino. Koma awameretsera kuti? Kunyumba Sofia ankanunkhiza ngodya iliyonse. Kudambo kunali mbewa, komanso chisanu cha Juni chimene chinkagonetsa mame pa udzu mpaka dzuwa kukwera. Njere pamalo ozizira choncho sizidzuka msanga, zimayamba kuola.

Anakhala pamwala wochapira, mapazi ali m'madzi, akuyang'ana nkhungu ikutsetsereka paphiri. Kumsana kwake kokha ndi kumene kunali kofunda, pamene chifuwa cha Zuhra chinagunda msana wake. Anakhala choncho kanthawi, akumva kutenthako. Kenaka anamasula mwana, anakhetsa madzi m'mawere muja, anawayala mopyapyala pa kansalu, n'kukapinda. Anakaika pamsana pake, n'kuberekapo mwana pamwamba.

"Chikuzizira, amayi."

"Chitentha. Ugone nacho, nachonso ndi mwana."

Kuyambira tsiku limenelo Ashura ankabereka ana awiri, ndipo wachiwiriyo palibe ankamudziwa. Ankasinja nawo, kutunga nawo madzi, kusesa nawo pakhonde pamaso pa Sofia. M'mawa uliwonse kudambo ankamasula kansaluko, kuwaza timadzi, kutembenuza njere ndi chala kuti zipume, n'kumanganso. Nthawi zina akuyenda ankaona ngati akuzimva zikudzuka, imodzi imodzi, zikudziongola ngati anthu otopa ndi tulo. Ankaganiza za timizu toyera tikufufuza njira mumdima wa pakati pa iye ndi mwana wake, ndipo m'maganizomo msana wake unkasanduka munda wa kwawo, mvula ikuwaza pang'onopang'ono, Zuhra akuthamanga m'mizere. Sofia akamuitana ankachita kubwereza.

"Alamu, masiku ano mukumagona muli chiimire?"

"Ndi chisanuchi, alamu."

Chimera chitatuluka bwino anachiyanika pamwala, pakati pa zovala, n'kuchipera pomwepo ndi kamwala kosalala. Kunyumba anaphika phala loyera lomwe lija monga mwa lamulo. Analisiya kuti lizizire mpaka chala kupirira, n'kuwazamo kaufa kofiirira kaja ndi nsinjiro zimene anapempha kwa mnzake wochapa naye. Anatakasa, n'kudikira. Phala lolimba lija linayamba kufewa lokha, kusungunuka, mpaka kukhala lomwa. Analawa. Linali lotsekemera mwa mtundu wina, kutsekemera kwa kwawo, kosabaya pakhosi.

Zuhra anamwa pang'ono, anaima, anayang'ana amayi ake, n'kumwanso. Anamaliza chikho chonse.

"Limeneli ndi phala lanji?"

"La kumsana. Koma usauze munthu."

Kamtolo kena kakatha, kena kankakhala kali kale kumsana. Masamba a chisoso ndi bonongwe ankawathyola m'mbali mwa dambo n'kumuphikira mwana kwa mnzake uja. Patapita masabata angapo zilonda zinayamba kutsekeka. M'mimba munaima. Khungu lakuda lija linayoyoka, pansi pake panatuluka lina losalala. Mitambo inasiya kudya udzu, ndipo tsiku lina Zuhra anathamangitsa tambala mpaka kumsewu.

"Waona?" anatero Che Chande, nkhope ili mwee. "Masikono aja. Zinthu za azungu sizinama."

Ashura anangoti, "Indedi," n'kupitiriza kusesa. Masikonowo anali atathera kalekale m'mimba mwa nkhuku ndi mwa Sofia.

Chimene chinamuulula sichinali mphuno ya Sofia ayi, kunali kuchira komweko kwa mwana. Linali Lachisanu masana, amuna atatuluka mumzikiti n'kukhala pakhonde la sitolo monga ankachitira, mikanjo ili mbee. Ashura ankadutsa ndi mtsuko pamutu. Zuhra, amene kale ankangogona kumsana ngati thumba, anaona bambo ake n'kuyamba kudzikoka kuti atsike. Nsalu inamasuka. Mwana anatera pansi ndi mapazi n'kuthamanga, koma kamtolo kaja kanagwa n'kutseguka, chimera n'kumwazika pakhonde ponse, pamapazi pa alendo.



"Phala langa la kumsana," anatero Zuhra, n'kuyamba kutola.

Wina anaseka. "Che Chande, chimera cha kwanu n'chaulemu. Mpaka kuberekedwa?"

Che Ismaili, mkulu wa imvi amene ankatsogolera mapemphero, anatola tinjere tingapo n'kununkhiza. "Palibe choseketsa apa. Thobwa tonse timamwa. Mwanayu si uja anali atatsala pang'ono? Ngati chamudzutsa ndi chimenechi, tithokoze Mulungu."

Koma Che Chande mawu a mkuluyo sanawamve. M'makutu mwawo munali kuseka kuja basi. Anadikira alendo achoke, n'kulowa m'nyumba.

"Wandivula pagulu."

"Ndimapulumutsa mwana wanu."

"Masabata onsewa ukundinamiza, ukudutsa pamaso panga ndi chinthu chimenechi kumsana, ine n'kumatamanda masikono ngati chitsiru."

"Ndinakuuzani poyera, munataya. Ndinakuuzani za kuchipatala, munakana. Ndikanatani, bambo a Zuhra? Ndikanadikira kuti timuike m'manda ali ndi diresi lokongola?"

"Tamumvani pakamwa pakepo," anatero Sofia ali pakhomo. "Lero chimera, mawa mudzapeza mbiya ya mowa pansi pa bedi."

"Longedza. Upite kwanu ku Mkanda, ukamere nazo konko. Mwana atsala."

"Mwana satsala. Kwathu mwana ndi wa kwa mayi, ngakhale kwanu ndi chimodzimodzi."

"Kuno si kwanu, si kwathu. Ndi pasitolo panga."

Sofia anali atamunyamula kale Zuhra n'kulowa naye kuchipinda. Ashura anagwira chitseko, anapempha, anagwada. Chitseko sichinatseguke. Pamapeto pake anaona kuti yekha sangathe, kuli bwino akatenge amalume ake adzaweruze mlanduwo. Ananyamuka m'mawa mwake, kulira kwa mwana kukumutsatira mpaka pamlatho.

Ku Mkanda anapeza amalume ake atapita ku Lilongwe ndi fodya, ndipo palibe ankadziwa tsiku lobwerera. Anatuma uthenga, n'kuyamba kudikira. Kudikira kwake kunali kwa munthu wodwala malungo. Ankayenda chowerama pang'ono, ngati akadali ndi katundu kumsana, ndipo akamva mphepo pamsanapo ankatembenuka msanga kuti akonze nsalu imene panalibe. Masana ankakhala pabwalo la amayi ake, pamene chimera chinkayanikidwa poyera pamphasa zikuluzikulu popanda wochita nacho manyazi, n'kumachitembenuza ndi dzanja. Dzuwa likamuwomba ankasinza, n'kumaona Zuhra ali kutsidya la mtsinje uja, akuitana koma mawu osafika. Ngakhale zinali choncho sanasiye kuviika mawere ake apadera ndi kupera ufa wake, n'kumasunga m'kachipanda. Amayi ake ankangomuyang'ana, osamufunsa kuti ngwa yani.

Mwezi usanathe, tsiku lina dzuwa litapendeka, anaona njinga ikubwera mumsewu wa kuboma. Woyendetsayo ankapalasa mokhotakhota, ndipo ana a m'mudzi ankamuthamangira akuseka. Anali mwamuna wa chisoti choyera, atabereka mwana, mfundo ya nsalu ataimanga pakhosi ngati akufuna kudzipachika. Ashura anaimirira. Poyamba anayesa ndi maloto aja.

Che Chande anatsika njinga, fumbi lili mpaka m'nsidze. Sanapereke moni. Anangotembenuka kuti Ashura amasule mwanayo. Zuhra anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. M'mbali mwa kamwa munali mutang'ambikanso, maso atalowa.

"Amayi," anatero osadabwa n'komwe, "mwatuluka m'maudzu muja?"

"Akunena chiyani?" Ashura anafunsa.

Che Chande anayang'ana pansi. "Paja ndinataya chimera choyamba, pamwala wosambira. Nkhuku sizinathe chonse. Ndi madzi anga osamba aja, mawere amera, afika m'bondo, obiriwira pakati pa chilimwe. Chichokereni inu, mwanayu amakakhala pomwepo tsiku lonse. Akuti amayi ali m'menemo. Chakudya akukana. Phala la Sofia akulavula."

Anapita panjinga n'kumasula chitini chija cha masikono. Atachitsegula, fungo lake linathawitsa ana onse amene anaunjikana. M'katimo munali mawere akuda, oterera, akuyandama m'madzi a thovu.

"Ndinayesa, amake Zuhra. Ndinagula mawere kumsika ngati a nkhunda. Ndinathira madzi, ndinatseka kuti fungo lisamveke, n'kubisa pansi pa makina. Tsiku lililonse ndimatsegula, osamera."

Ashura anayang'ana m'chitinimo. Anafuna kukalipa, mawu onse amene anawasunga masiku onsewo anali pakhosi, koma chimene chinabwera ndi chisoni.

"Munawamiza. Njere imamwa, ikatero imafuna kupuma ndi kufunda. Mukaibisa kwambiri imaola."

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba, anatenga phala limene linatsala m'mawa, analitenthetsa pang'ono, n'kuwazamo ufa wa m'kachipanda muja. Anakhala pamphasa mwana ali pamiyendo, onse atatu akuyang'ana m'chikho. Phala linafewa, linasungunuka. Zuhra ananunkhiza kaye. Anamwa kamodzi, n'kupumira. Anamwanso. Chikho chitafika pakati anagwira dzanja la amayi ake kuti asachichotse, ndipo Che Chande anatembenukira kumbali n'kumapukuta m'maso ndi chisoti.

"Tiyeni kunyumba," anatero patapita nthawi. "Ndinalakwa. Sofia ndilankhula naye."

"Za kunyumba tidzakamba amalume akabwera. Mwanayu sayendanso ulendo wina asanalimbe."

"Ndiye ine nditani? Ndiuzeni chochita."

 Ashura anabereka Zuhra, anamanga mfundo yake bwinobwino pachifuwa, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Anabwerako ndi mawere amene anaviika dzulo lake, atawayala pa kansalu n'kukapinda, madzi akudontha. M'dzanja linalo munali nsalu ija anabwera nayo Che Chande.

"Ufa watsala wochepa, ndipo kuno kukuzizira kuposa kuboma. Chimera china chikufunika msanga. Kumsana kwanga kwabwerera mwini wake. Ichi berekani inu."

Che Chande anayang'ana kamtoloko, n'kuyang'ana kumsewu. Kunkadutsa anthu ochokera kumsika, ena a iwo ogula pasitolo pawo, ndipo awiri anali ataima kale n'kumaloza njinga. Amayi a m'mudzi anasiya kusinja. Ana aja anabwereranso.

Anavula jekete n'kuliika pachishalo cha njinga. Anatembenuka, anawerama, manja ali m'mawondo, monga amachitira mayi wofuna kubereka. Ashura anaika kamtoloko pakati pa mapewa awo, anakuta ndi nsalu, n'kuwaonetsa pomanga mfundo. Wina kumsewu anaseka. Che Chande sanatembenuke.

"Chikuzizira," anatero.

Zuhra anasuzumira paphewa la amayi ake, mlomo uli ndi phala.

"Chitentha, ababa. Muziyenda nacho."